Tinapita ku Mua ndi chigoba cha Scorpion m'jumbo

Tinanyamuka pa Dedza boma Loweruka m'mamawa, anthu asanu ndi anayi, chifunga chitakuta phiri lonse. Ndife kagulu kopanga zovala ndi zida za anthu a m'magemu, zija amati cosplay. Kuno ambiri akationa amangoti tasowa chochita.

Ine ndinanyamula ntchito yanga ya miyezi iwiri: chigoba chakumaso cha Scorpion wa mu Mortal Kombat, gemu yomwe inatuluka mu 1992, ndi kampeni kake ka kunai komwe amaponya pa chingwe n'kukoka nako mdani. Anzathu a kunja amagula EVA foam yatsopano m'sitolo. Ife timatola mapatapata oduka, poti ambiri mwa iwo ndi fomu yomweyo, n'kumata ndi guluu wa osoka nsapato. Guluuyu amafuna upake mbali zonse ziwiri, udikire aume pang'ono, kenako uphatikize. Ukafulumira, mawa lake zonse zakanganuka.

Tinakhota pa Masasa n'kutsika Khwekhwerere. Wina anali atatseka botolo la guluu mwaulesi, ndiye ndi makona aja, pofika pa Golomoti theka la minibasi mitu ili waliwali.

Ku Mua tinayamba ndi Chamare Museum ya pa Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. M'chipinda cha Gule Wamkulu phokoso lathu linatha lokha. Tinagwirizana kale kuti zathuzi ndi masewera, ndipo za kudambwe sitizitengera olo pang'ono. Tinangoona, n'kutuluka.

Zenizeni zinachitika masana, pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wapafupi, kwa bambo ena osema omwe wapampando wathu anapangana nawo. Ndinatulutsa chigoba changa monyadira. Anachitembenuza kawiri, n'kuchiyika pankhope panga.

"Tapuma, mwana wanga."

Ndinapuma, mpweya wonse n'kubwerera m'maso.

"Iweyo unayeza chithunzi cha pa foni, nkhope yako sunayeze."

Anzanga anafa nacho chiseko, koma bambowo ankanena zoona. Mizere ya kukamwa kwa Scorpion ndinaijambula ndi penti yakuda m'malo moiboola, chifukwa pa foni imaoneka choncho. Iwo anatenga pepala la simenti, analinyowetsa, n'kulikanikiza pamphuno ndi m'masaya mwanga mpaka linatenga maonekedwe. Analemba ndi khala pomwe pakutha fupa la tsaya, n'kuti patani yanga iyambire pamenepo.

Kenako mpeni. Ine ndimadula fomu mpeni uli chilili, n'chifukwa chake polumikiza pamaoneka mpata. Iwo anaupendeketsa, nadula mbali ziwiri mopendama, ndipo ataziphatikiza panatuluka msana wakuthwa ngati wa mpeni weniweni. Akadula kawiri katatu ankanola pamwala. Fomu imabunthitsa mpeni msanga kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo mpeni wobuntha umang'amba m'malo modula.

Nafenso tinawaonetsa kathu. Fomu ikatenthedwa imafewa, ukaipinda n'kuigwira mpaka izizire imakhala momwemo. Heat gun, kachipangizo kopemerera mpweya wotentha, tilibe, ndiye tinapempha mbaula. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa: ndili kalikiliki kufotokoza, ndinasendeza kunai pafupi kwambiri ndi makala, nsonga yake n'kukwinyika ngati chikopa cha mbuzi, utsi wonunkha uli tolotolo. Bambo aja anangoti, "Aphunzitsi, mwapsereza ndiwo." Chidutswa chachiwiri anapinda okha, ndipo chinatuluka bwino kuposa changa. Anafunsa ngati penti imagwira. Tinawauza kuti timayamba tapaka guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi katatu, apo ayi fomu imamwa penti yonse.

Mnzathu wopanga Sub-Zero, wa mu gemu yomweyo, anabwerako ndi kachipangizo kamtengo kopindirapo chigoba, komwe anamusemera ndi sompho pa mphindi zochepa. Tizibwerekana, ngakhale mphuno yake ndi yaikulu kuposa yanga.

Tinafika pa boma kutada, kukuzizira kodetsa nkhawa. Chigoba chakale ndachipereka kwa mng'ono wanga. Chatsopano ndadula kale mbali ya kumanzere, koma ndikusowa patapata lachikasu la saizi 10. Amene ali nalo loduka asataye, andipeze pa msonkhano wa kagulu kathu wa Lachitatu.