Zimene ndaphunzira polemba mbali imene sindigwirizana nayo

Semesita ino tinali ndi phunziro la kamangidwe ka mfundo ndi katsutsidwe kake, ndipo aphunzitsi athu anatipatsa nkhani yochotsa mimba kuti tiyeserepo. Lamulo lawo linali limodzi: aliyense alembe masamba atatu oikira kumbuyo mbali imene sagwirizana nayo, ndipo alembe bwino moti munthu wa mbali imeneyo akawerenga avomere kuti, "Eya, maganizo angawo ndi amenewa." Ine ndinakulira m'tchalitchi ndipo nkhaniyi mtima wanga sunailandirepo, choncho ndinayenera kulemba ngati wofuna kuti lamulo lisinthe. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya usiku umodzi. Inandidyera milungu iwiri.

Pepala langa loyamba linabwerera chiganizo choyambirira chitazunguliridwa ndi inki yofiira. Ndinali nditalemba kuti mayi ayenera kupatsidwa ufulu wotaya mwana wake wosabadwa. Aphunzitsi anandiitana n'kundifunsa kuti, "Kodi munamvapo munthu wa mbali imeneyi akuyankhula chonchi? Mwawagonjetsa kale asanatsegule pakamwa." Mnzanga wina amene ankalemba mbali yotsutsa anagwa m'mbuna yomweyo. Iye anayamba ndi mawu akuti ena amakhulupirira kuti kagulu ka maselo kali ndi ufulu. Tonse awiri tinali titabisa chigamulo chathu m'dzina la chinthu chimene tikukanganacho.

Apa m'pamene ndakhala nthawi yaitali, chifukwa Chichewa chathu chili ndi mawu ambiri pankhaniyi ndipo lililonse limakokera kwake. "Kutaya mimba" kumamveka ngati kutaya chinthu kudzala. "Kuchotsa pakati" kumamveka mofatsa, ngati mmene amayankhulira a kuchipatala. Ukati "khanda", womvera amaona mwana wa m'manja ali ndi kachipewa. Ukati "mimba" basi, amaona thupi la mayi yekha. Funso lenileni ndi lakuti, chimene chili m'mimba pa sabata yachisanu ndi chitatu ndi munthu wofanana ndi iwe ndi ine kapena ayi, ndipo ngati ndi munthu, mayi ali ndi udindo wotani kwa iye? Anthu ambiri funsoli amalilumpha. Amangosankha liwu limene layankha kale, kenaka n'kumadabwa kuti mnzawo sakumva.

Nditayamba kuwerenga za mkangano wa kuno kwathu ndinapeza njira zina zimene mbali zonse zimagwiritsa ntchito. Malamulo athu a milandu, ndime 149 mpaka 151, amapereka zaka 14 za kundende kwa wochotsa mimba ya wina, zaka 7 kwa mayi mwini wake, ndi zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida. Ndime 243 imalola pokhapokha ngati n'kofunika kupulumutsa moyo wa mayi. Mu 2015 bungwe lounika malamulo la Law Commission linatulutsa lipoti lopempha kuti zifukwa ziwonjezeredwe: ngati thanzi la mayi la m'thupi kapena la m'maganizo lili pachiopsezo, ngati mwana ali ndi chilema chachikulu choti sangakhale nacho moyo, komanso ngati mimbayo yabwera chifukwa chogwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale. Mu December 2016 a Episcopal Conference of Malawi ndi a Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu kuyenda m'misewu kukana zimenezi. Mu March 2021 a Mathews Ngwale, amene anali phungu wa Chiradzulu West, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ikambirane bilu yosintha lamuloli, koma aphungu anakana ngakhale kuyamba kukambirana.

Mawu amene ndinkawamva kwambiri ku mbali yanga ndi akuti "izi n'za azungu". Ndinkawanena inenso. Koma lamulo loletsalo nalonso linabwera ndi atsamunda, ndipo mizu yake ili m'lamulo la ku England la 1861. Ndiye ngati kuchokera kunja kuli mlandu, mbali zonse n'zolakwa, ndipo sitinasunthe ngakhale phazi limodzi. Pa ulendo wa 2016 uja nkhani ya mimba inamangidwa mtolo umodzi ndi ya maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, moti wofunsa za mtsikana wa zaka 13 wogwiriridwa ankaoneka ngati wavomera zonse. Mbali inayo nayo ili ndi yake. Amati abusa ndi ansembe sasamala amayi akamafa, kapena amati mwamuna alibe pakamwa pankhaniyi. Koma mipingo yomweyo ndi imene ili ndi zipatala zambiri za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumene amayi akumudzi amachirira, ndipo pa ulendo uja amayi analipo ochuluka. Kunyoza wonena sikuyankha chimene wanena.

Manambala nawo ndinawaona mwatsopano. Kafukufuku wa bungwe la ku America la Guttmacher Institute ndi College of Medicine anayerekeza kuti mu 2015 m'Malawi munachotsedwa mimba pafupifupi 141,000. Wofuna kusintha lamulo amati, "Mwaona, kuletsa sikukuletsa kanthu, kukungothamangitsira atsikana kwa asing'anga ndi ku timitengo ta chinangwa." Wotsutsa amatenga nambala yomweyo n'kunena kuti miyoyo 141,000 yatayika, tilimbitse lamulo. Nambalayo payokha siikuuza chochita. Choyenera kusamala n'chakuti ndi chiyerekezo, ndiponso ndi chiwerengero cha mimba zochotsedwa, osati cha amayi omwalira, ngakhale pokangana ena amazisakaniza.

Pali mfundo ina imene ndinkafuna kuitaya msanga monga chinyengo, koma aphunzitsi anandiletsa. Ndi ija yakuti ukatsegula pang'ono, chitseko chonse chidzatseguka. Anati ndikaone kaye zimene zinachitika kwina. Ku Britain lamulo la 1967 linalola kuchotsa mimba pofuna kuteteza thanzi la mayi, kuphatikizapo la m'maganizo, ndipo lero pafupifupi mimba zonse zochotsedwa kumeneko zimadutsira pa chifukwa chimenechi. Ndiye mantha a otsutsa si opanda pake. Komanso ku Zambia kuli lamulo lolola kuyambira 1972, lofuna madokotala atatu asayine, ndipo amayi ambiri akumudzi safika n'komwe pamene angawapeze madokotala atatuwo. Mawu ofanana m'lamulo amabala zosiyana malinga ndi dziko. Wonena mfundoyi ayenera kusonyeza chifukwa chake kuno kudzakhala ngati ku London osati ngati ku Chipata.

Pepala langa lachiwiri ndinalimanga pa mfundo ya katswiri wa filosofi Judith Jarvis Thomson ya mu 1971, chifukwa iye sazemba funso lija. Amati tiyeni tivomere kuti wosabadwayo ndi munthu. Kenaka akuti taganiza kuti wadzuka n'kupeza akulumikiza ndi mapaipi kwa katswiri woimba vayolini amene impso zake zafa, osakupempha, ndipo ukamuchotsa miyezi isanu ndi inayi isanakwane amwalira. Kukhalabe naye ndi chifundo chachikulu, koma kodi lamulo likukakamize? Pa nkhani ya wogwiriridwa ndinavutika kwambiri kuiyankha, ndipo mpaka pano yankho langa silinandikhutiritse. Mnzanga uja anatenga ya katswiri wina wa filosofi, Don Marquis, ya mu 1989, yakuti kupha n'koipa chifukwa kumalanda munthu tsogolo lake, ndipo wosabadwayo ali nalo tsogolo ngati lathu. Mulibe vesi ngakhale limodzi mu mfundo imeneyi. Mnzangayo ankati otsutsa onse amangodalira Baibulo, ndipo anandiuza kuti sanagone bwino ataiwerenga.

Ndili ku holide ndinawerengera azakhali anga mapepala onse awiri tili pakhonde, iwo akusenda mbatata. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwanawe, nanga za mtayo mwaphunzira?" Anandifotokozera kuti mimba ikapita padera, kapena mwana akabadwa wakufa, amapita ndi amayi okhaokha kukaika, popanda bokosi, popanda kulira maliro, ndipo abambo sapita. Mumtima ndinati, a mbali ija akanamva akanati makolo athu sankamuwerengera ngati munthu wathunthu. Ndisananene, azakhali anaika mpeni pansi n'kupitiriza kuti mwana wawo woyamba anapita chotero zaka zoposa makumi atatu zapitazo, ndipo mpaka lero akamapita kudimba amadziwa mtengo umene anamuika pansi pake.

Ndinafunsa ngati ndingalembe zimenezi m'pepala la mayeso omaliza. Anati ndilembe, bola ndilembe zonse ziwiri, za bokosi ndi za mtengo.