Kuthokoza onse amene anandigwira dzanja pa ntchito ya silikoni

Ndafika kuno ku Lusaka sabata yatha nditakhala chaka ndi theka ku Ulaya, ndipo popeza sindingathe kugogoda pakhomo lililonse, ndalemba mawu awa kuti ndithokoze nonse amene munandichirikiza mpaka ndamaliza gawo langa pa ntchito yomanga chipangizo chatsopano cha ATLAS, chimodzi mwa zipangizo zazikulu zofufuzira ku CERN, malo a kafukufuku wa fizikisi amene ali pafupi ndi mzinda wa Geneva.

Ambiri munkangomva kuti mwana wa ku Mtendere ali ku sayansi, choncho ndifotokoze pang'ono. Ku CERN kuli ngalande yozungulira ya pansi pa nthaka yotalika makilomita 27, momwe magulu a tinthu totchedwa mapulotoni amawombanitsidwa maulendo 40 miliyoni pa sekondi imodzi. Pakuwombanapo pamatuluka tinthu tina tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo timadziwika polondola pamene tadutsa, monga mlenje amadziwira nyama poona mapazi. Nthaka yopondapo ndi timapale ta silikoni topyapyala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, tokhala ndi timizere masauzande. Kanthu kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakapyoza kaphale kamasiya chizindikiro pa kamzere kamene kadutsapo, ndipo kompyuta imalumikiza zizindikirozo n'kujambula njira yonse. Maginito a mphamvu ya 2 tesla amakhotetsa njirayo, kotero kuti kanthu kofooka kamapinda kwambiri pamene kamphamvu kamapita pafupifupi chowongoka. Kulondola kotereku kunathandiza kuti pa 4 Julaye 2012 a ATLAS ndi a CMS, chipangizo china chachikulu cha ku CERN, alengeze kuti apeza Higgs boson, kanthu kamene asayansi anakhala akukasaka kwa zaka zambiri. Chipangizo chakale chapsa ndi cheza cha zaka zambiri, komanso sichingakwanitse ntchito imene ikubwera, pamene kuwombana kudzafike ka 200 nthawi iliyonse imene magulu a mapulotoni akumana, n'chifukwa chake tikumanga china cha silikoni yekhayekha chotchedwa ITk.

Ine ntchito yanga inali kumata timabolodi ta magetsi pa timapaleto ndi guluu, kulumikiza timizere ndi mawaya a aluminiyamu okhuthala gawo limodzi mwa magawo 40 a milimita, kenaka kuziziritsa zonse mpaka madigiri 35 pansi pa ziro mobwerezabwereza kuti tione ngati zipirira.

Apa ndi pamene ndifuna kuthokoza inu a malume, amene mwakhala mukukonza mafoni pa City Market kuyambira ine ndili ku pulayimale. Munkandikhazika pa benchi yanu Loweruka, kundiuza kuti nditsamiritse dzanja pa tebulo ndi kutulutsa mpweya ndisanakhudze kanthu, ndipo ine ndinkaona ngati mukungondisowetsa nthawi yosewera. M'mwezi wanga wachitatu ku labu dzanja linanjenjemera, kachitsulo kopanira kanatsetsereka n'kugwetsa mzere wonse wa mawaya pa kaphale kamene anzanga anakagwirira ntchito masiku angapo. Cholakwa chinali changa ndekha, ndipo usiku umenewo ndinali nditayamba kuganiza zobwerera kwathu. Nditakuimbirani simunafunse za mtengo wa silikoni, koma munafunsa ngati ndinali nditadya m'mawa, ndipo zoonadi ndinali nditangomwa khofi pamimba yopanda kanthu. Kuchokera tsiku limenelo sindinakhalenso pa maikulosikopu ndi njala. Ndinaphunzitsidwa ndi akatswiri ambiri kumeneko, koma ndikunena mosabisa kuti manja amene anamaliza ntchitoyi anaumbidwa pa benchi yanu.

Amayi, munadwala miyezi iwiri n'kuuza onse kuti asandidziwitse kuopa kuti ndingasokonezeke. Sindinakondwe nditamva, ndipo mukudziwa, koma ndazindikira chimene munkanditchinjiriza. Kwa inu achemwali, amene munkagona kuchipatala usiku n'kupita kuntchito m'mawa, zikomo yanga ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene munasenza.

Ndithokozenso amayi a chilimba amene munalola kuti amayi anga alandire nthawi yawo isanakwane, kuti ndipeze ndalama ya viza ndi jekete la chisanu. A neba athu, mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri, munanditsegulira khomo kuti nditchaje laputopu pa sola yanu, ndipo makalata onse ofunsira malo ndinawalembera pakhonde panu. Aphunzitsi anga a fizikisi ku UNZA, munandikakamiza kubwereza muyeso umodzi kakhumi pamene ine ndinkaona kuti kawiri n'kokwanira, ndipo ku labu ndinapeza kuti kaphale kalikonse kamayesedwa koposa apo kasanavomerezedwe.

Timapale timene ndinamata tili ndi manambala okha, palibe dzina la munthu, ndipo tidzayamba ntchito cha m'ma 2030 titatsekeredwa pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka. Loweruka likudzali masana tidzakhala kunyumba ku Mtendere, nsima ya chibwabwa ndi nkhuku idzakhalapo, ndipo nonse ndinu olandiridwa. A malume, mudzabwere ndi foni imodzi yovuta, chifukwa ndakubweretserani maikulosikopu ndipo ndikufuna kuti tidzaiyesere limodzi.