Agogo anali khukhi, ine zophika ndinakaphunzira ku koleji

Tsiku limene ndinauza bambo kuti ndikufuna kukaphunzira zophika, anayamba akhala chete, kenaka anati, "Mwanawe, MSCE yonseyi, mapeto ake ukakhale khukhi ngati agogo ako?" Sikuti ankanyoza bambo awo. Agogo anagwira ukhukhi zaka zambiri kunyumba kwa mzungu wina pa esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo. Ankadzuka kusanache kukoleza moto, kuumba buledi, kuwotcha nyama, kuphika zakudya zimene ana awo sanazilawepo n'kamodzi komwe. Atakalamba anabwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi. Bambo anakula akuona zimenezo, ndiye kwa iwo khukhi anali munthu wodziwa zambiri koma wopanda chake.

Mayi ndiwo anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze fizi yoyambira.

Njira zolowera ntchitoyi zilipo zingapo. Ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism, yomwe ili ndi hotela yakeyake ya Alendo kumene ophunzira amaphikira anthu olipira ndalama zawo. Ena amadzera ku TEVETA, ndipo ofuna digiri ya za mahotela ndi zokopa alendo amapita ku Mzuni. Ine ndinalowa koleji ina mu Blantyre momwemo, ndikugona kwa azakhali ku Ndirande.

Masabata oyamba moto sitinauyandikire. Unali mpeni basi. Anyezi, karoti, kabichi, tsiku ndi tsiku, mpaka chala chachiwirichi chinachita chithuza pamene mpeni umatsamira. Aphunzitsi athu, amene tonse tinkangowatchula kuti Chef, ankatola kachidutswa kamodzi ka karoti n'kukayika pambali pa kanzake. Zikasiyana, wayambiranso. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza, koma chifukwa chake n'chomveka: zidutswa zosiyana kukula sizipsa nthawi imodzi. Mawu achifalansa aja, julienne (kudula timizere topyapyala), brunoise (kudula timabokosi ting'onoting'ono), mise en place (kukonzeratu zonse usanayambe kuphika), anatilowa m'mutu kudzera m'manja. Kenaka zaukhondo: bolodi yofiira ya nyama yaiwisi, yabuluu ya nsomba, yobiriwira ya masamba. Nkhuku ifike madigiri 75 m'kati, furiji isapose madigiri 5. Kunyumba munthu akatsegula m'mimba timangoti zachitika, koma kuhotela mbale imodzi ikhoza kugoneka anthu ambiri m'chipatala ndi kutsekesa malo.

Phunziro limene linandisintha silinali la pamoto. Linali la masamu. Tsiku lina Chef anandipatsa kachewere wa makilogalamu 10 kuti ndisende, ndikatha ndiyeze. Anatsala 8. "Awiriwo analipira ndani?" anandifunsa. Mawa lake anabweretsa chambo. Titachotsa mutu, minga ndi khungu, mnofu unangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti mtengo wa mbale suyambira pa zimene wagula kumsika, umayambira pa zimene zatsala utakonza, kuphatikizapo mafuta, mchere, gasi, ndi nthawi yako. Ndinamvetsanso chifukwa chake wophika wabwino sataya mitu ndi minga ija koma amaphikira msuzi. Usiku umenewo ndinaganizira agogo. Zonsezi ankazidziwa ndi maso komanso ndi dzanja, mwina kuposa ine, koma panalibe amene anawaphunzitsa kuziika papepala n'kunena kuti ntchito yanga mtengo wake ndi uwu.

Atachimenti ndinakachitira ku hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ndinafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa 15, tsiku la anakubala, zinali ngati Malawi yense wasamukira kunyanja. Tinayamba 5 koloko m'mawa, ndinakhala pansi koyamba usiku. Mafuta a tchipisi anandithovukira pamkono, chipsera chake chilipobe. Amene akuganiza zolowa ntchitoyi adziwiretu: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, masiku amene anzako akusangalala ndi amene iwe umagwira kwambiri. Umayamba ngati commis, wothandizira ophika, kusenda ndi kutsuka, malipiro ochepa. Ukalimbika amakupatsa gawo lako, kaya la nyama, la msuzi kapena la makeke, n'kumakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu wa khitchini. Sizichitika chaka chimodzi.

Anzanga a m'kalasi anamwazikana. Wina ali ku loji pafupi ndi Liwonde, amaphikira alendo odzaona njovu. Wina amayang'anira khitchini ya chipatala, kumene ayenera kudziwa chimene wodwala shuga angadye. Mtsikana amene ankatiposa tonse pa makeke ali ndi bizinesi yake ku Lilongwe, maoda a ukwati samuthera. Awiri ali ku Cape Town. Ine ndinalembedwa ntchito pa hotela ina m'tauni, koma mu 2020 Covid itabwera alendo anasiya kufika, ndipo tinauzidwa kuti tikadikire kunyumba.

Sindinaitanidwenso. Ndinabwereka mapoto awiri kwa azakhali, n'kuyamba kuphika nkhomaliro yoperekera m'maofesi a ku Limbe, maoda ndikulandira pa WhatsApp. Mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo, nyemba, masamba otendera, kambuzi pambali. Anthu ambiri anayamba bizinesi ngati yomweyi nthawi imeneyo, ena ophika bwino kundiposa, koma ambiri anasiya pasanathe miyezi chifukwa ankagulitsa mbale motsika kuposa zimene alowetsa, osadziwa. Ine madzulo alionse ndinkakhala ndi kope ndi sikelo. Mafuta ophikira akakwera, ndinkadziwa tsiku lomwelo kuti mbale yanga yakwera ndi zingati. Lero ndimaphika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano, ndipo ndili ndi anyamata atatu ndi mayi mmodzi amene ndimawalipira pamwezi. Bambo amabwera kudzandithandiza kuwerenga mbale tikakhala ndi ukwati waukulu.

Pali chimodzi chimene chimandiwawa. Ku koleji tinathera nthawi yaitali pa misuzi ya ku Ulaya, koma zakudya zathu tinangozidutsa ngati aliyense anabadwa akuzidziwa. Chonsecho mlendo akafika kunyanja amafuna chambo ndi nsima, amafunsa kondowole, amadabwa ndi chigumu. Futali, chambiko, therere la chidulo, bonongwe, zonsezi zikusowa pa mindandanda ya zakudya m'mahotela ambiri chifukwa palibe anazilemba ndi miyeso yoti wophika wina n'kutsatira, kukoma kwake n'kukhala komweko lero ndi mawa.

Ndiye ndinayamba ndekha. Ndikapita kumudzi ndimanyamula sikelo ija. Mwezi wathawu mayi ankaphika nkhwani wotendera, ndipo asanathire nsinjiro ndinawapempha kuti ndiyeze kaye. "Iwe, nsinjiro sayeza, amaona ndi maso," anatero, koma anandipatsa mbaleyo. Ndinayeza, ndinalemba. Anaphikanso mawa lake, ndinayezanso, ndipo zinangosiyana ndi magalamu ochepa chabe. M'kope muja tsopano muli zakudya 14, ndipo ulendo wamawa ndikufuna thobwa la azakhali.