Masiku anayi pa Likoma, theka lake tikukankha njinga

Ganizo linali la mlamu wanga. Tilipo anthu asanu amene timapalasa njinga Loweruka lililonse m'mawa ku Lilongwe, kulowera cha ku Lumbadzi n'kubwerera, ndipo tinali titayamba kudzimva ukatswiri. Tsiku lina tikupuma anatulutsa foni n'kutionetsa mapu a Likoma. "Kachilumba aka m'litali ndi makilomita 8 chabe. Tikakazungulira kawiri nsima isanapse." Ine ndinaikirapo mlomo kuti nthawi yotsalayo tizikangogona pamchenga. Mawu amenewo anzanga sanandiiwalire mpaka lero.

Tinakwera Ilala ku Nkhata Bay, njinga titazimanga pamodzi ndi malegeni pakati pa matumba a chimanga ndi makireti a zakumwa. Sitimayi inayamba kuyenda panyanjapa mu 1951, palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anali atabadwa. Tinadzera ku Chizumulu, kenaka Likoma uyo, mapiri a ku Mozambique ali tayale kuseri kwake. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique, ndipo katauni ka Cobue, kutsidya ku Mozambique, kamaoneka pafupi ngati ungakuwe munthu n'kukuyankha.

Tsiku loyamba tinanyamuka ku Mbamba titavala zipewa zathu zolimba zija, mabotolo a madzi ali m'malo. Sitinapite patali. Msewu wa pa Likoma uli ndi nkhope ziwiri: pokwera ndi miyala yokhayokha, potsika ndi mchenga. Ukamatsetsereka ukusangalala kuti tsopano zayamba, tayala lakutsogolo limangomira, chiwongolero n'kupotoka, iwe uli pansi. Ine ndinagwa kawiri tisanafike n'komwe ku Makulawe. Kachiwiriko ndinagwera pamaso pa amayi atatu osenza mitolo ya nkhuni. Mmodzi anati, "Pepani achemwali," koma mapewa ake akugwedezeka ndi phwete.

Chinanso chimene mapu sanatiuze ndi moni. Kuno sungadutse munthu ngati mtengo. Waima, wayankha, wafunsidwa kumene wachokera, wafotokoza chifukwa chimene anthu akuluakulu asanu avutikira kuwolotsa njinga panyanja pamene miyendo ali nayo. Chinyanja chawo chili ndi kakomedwe kake, mawu ena ndinkachita kufunsa kawiri. Mnzathu wina, yemwe amakonda kuwerenga makilomita pa wotchi yake, anafika poithimitsa.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chubu. Masana a tsiku lachiwiri munga unaboola tayala langa lakumbuyo, ndipo zigamba zathu zogula musitolo zinali zitatsala m'chikwama kumalo ogona. Tinakankha njinga mpaka pansi pa mlambe wina waukulu, pomwe bambo wina wachikulire ankasoka ukonde. Anayang'ana tayalalo, n'kuyang'ana ife, osanena kanthu. Anatuma kamnyamata kukatenga beseni la madzi, chubu chakale ndi kabotolo ka guluu kotsekera ndi pepala la pulasitiki. Anamiza chubu changa m'madzi pang'onopang'ono mpaka tinthovu titatuluka, n'kulasapo kamtengo ka machesi kuti pasasowe. Popalira anagwiritsa ntchito mwala. Atadula chigamba ndi lumo anapaka guluu, kenaka n'kubwerera ku ukonde wake ngati watiiwala.

Mlamu wanga anayamba kutekeseka. "Bambo, simumatapo?"

"Guluu amadikira aume kaye, mwanangu. Mukuthamangira kuti? Kutsogoloku ndi madzi, kumbuyoku ndi madzi."

Tinaseka mpaka misozi. Chigambacho chikadalipo, ndapalasa nacho miyezi ingapo tsopano. Ndalama anakana, koma pampu yathu anaiyang'ana nthawi yaitali, ndiye tinamusiyira.

Ku tchalitchi cha St Peter's tinapitako m'mawa wa tsiku lachitatu, njinga tikuzitsamiritsa pakhoma. Zithunzi ndinali nditaziona kale, komabe kukula kwake kunandidabwitsa, nyumba yotere pakachilumba ka anthu asodzi. Amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903 ndipo ntchito inatha mu 1911. Malowo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. M'katimo munali zii, kozizira bwino, kuwala kukulowera m'mawindo a magalasi amitundumitundu. Ndinakhala pa benchi miyendo ikunjenjemera ndi zitunda za dzulo lake, ndipo kunena zoona sindinafune kutulukamo msanga.

Za chakudya sindichulukitsa. Kondowole ndi usipa wongovuula kumene, tsiku lina utaka wootcha. Anzanga awiri a ku Dedza, ozolowera ufa woyera, ankalimbana ndi kondowole ngati akukoka chingamu, koma pofika tsiku lomaliza ankapempha mtanda wachiwiri.

Madzulo aliwonse tinkatsikira kunyanja kukatsuka fumbi. Kukada, nyali za asodzi zinkayala mzere pamadzi ngati tauni ina yamera usiku. Tsiku lina mwera unawomba, mabwato onse anakhala kumtunda, ndipo ifenso tinapezerapo chifukwa chosakhudzira njinga.

Chilumba sitinachizungulire kawiri. Ngakhale kamodzi sikanakwane bwino, mbali ya kumwera cha ku Nkhwazi tinafikako wapansi, njinga titazisiya pakhomo pa mayi wina amene anatiuza kuti tisavutike ndi loko. Tili m'sitima pobwerera, mnzathu wa wotchi uja anaiyatsa kuti aone zonse pamodzi. Makilomita a masiku anayi sanafike amene timapalasa Loweruka limodzi. Mlamu wanga anangoti wotchiyo inalowa mchenga, n'kutembenukira kunyanja, uku akufunsa ngati pa Chizumulu pali msewu wabwinoko.