Sabata yojambula Gule Wamkulu ku Angónia

Pa ntchito yathu kuno ku Tete munthu mmodzi amasenza maudindo awiri. Ine ndi amene ndimauza wa kamera poti aime, ndinenso wowerenga ndalama za mafuta, chakudya ndi malo ogona. Sabata yathayi tinali kumidzi ya ku Angónia, kujambula filimu ya pa TV yokhudza Gule Wamkulu.

Lolemba linathera pamsewu. Tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kudutsa Moatize, n'kukwera mpaka ku Ulónguè, kumene mphepo ya Ogasiti imakukumbutsa juzi. Lachiwiri tinakaonetsa kalata ya chilolezo ku boma, koma kalatayo siikulowetsa pabwalo. Mwini bwalo ndi mfumu.

Ndiye Lachitatu lonse tinakhala pamphasa. Ndinafotokoza cholinga chathu, a mfumu n'kumvetsera osadula mawu. Atatero anati, "Mwana wanga, zapabwalo jambulani. Kudambwe kamera isafike."

"Zikomo a mfumu, tamva," ndinayankha.

Mnyamata wanga wa kamera zinamuwawa, chifukwa akudziwa kuti ogula mafilimu kunja amafuna zobisikazo. Ine sindinaone chotsutsa. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza Gule mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, koma ulemu umenewo sunachotse mwambo m'manja mwa eni ake. Chinsinsi cha kudambwe ndi cha olowa. Wochiika pa intaneti waba, ngakhale chithunzicho chikongole bwanji.

Lachinayi masana ng'oma zinayamba. Amene sanajambulepo Gule amaganiza kuti vuto ndi zithunzi, pomwe chovuta kwenikweni ndi mawu. Ng'oma ya mbalule ikalira pafupi imameza chilichonse, nyimbo za amayi n'kusowa, pamene uphungu wonse uli m'nyimbomo. Tinaika maikolofoni imodzi pakati pa amayi oimba, ina patali ndi ang'oma. Fumbi nalo silinatichitire chifundo: chilombo chikapalasa pansi, galasi la kamera limafuna kupukuta nthawi yomweyo. Kasiyamaliro atatulukira dzuwa likupendeka ndinaletsa aliyense kusuntha, kamera inangoima malo amodzi mpaka gule anatha.

Lachisanu tinacheza ndi agogo ena aakazi amene anatimasulira nyimbo zija. Ndinakana kuwafunsa m'Chipwitikizi. Analankhula Chichewa chawo momasuka, ndipo Chipwitikizicho tidzachilemba m'munsi mwa zithunzi.

Potsanzikana a mfumu anafunsa ngati filimuyi adzaione. Funsoli limandikhudza. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, a bungwe la boma la mafilimu, Instituto Nacional de Cinema, ankanyamula mafilimu a nkhani otchedwa Kuxa Kanema pagalimoto kukaonetsa anthu kumidzi. Lero ambiri timajambula anthu n'kupita osabwereranso. Choncho Loweruka, ndisanayambe kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta, ndinapatula ndalama ya jenereta ndi mafuta obwerera. Tagwirizana kuti a mfumu ndi akuluakulu a mwambo adzayamba aona okha, ndipo chimene adzakane tidzachichotsa filimuyo isanapite ku TV.