Sabata yofukula makolo a chimanga

Mu labu mwathu sabata ino tinali pa funso limodzi. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas ku Mexico anayamba kuweta udzu wa teosinte mpaka kukhala chimanga zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ndi majini ati (ma gene, tizigawo ta DNA timene timapereka maonekedwe a makolo kwa ana) amene alimiwo anawasankha dala, ndipo ndi ati amene anangotsala kutchire poti mbewu yoyambira inali yochepa?

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa kusefa deta ya DNA, kuchotsa zitsanzo zosawerengeka bwino. Lachitatu m'pamene tinayamba kumanga mbiri ya kuchuluka kwa mbewuyo. Mlimi akasunga mbewu ya mapesi ochepa, mitundu ya majini imachepa paliponse m'mbewuyo, osati pamene iye ankafuna pokha. Choncho timayamba tayerekezera pa kompyuta, ndi pulogalamu ya fastsimcoal2, kuti mbewu zinalipo zochuluka bwanji, zinachepa liti, zinachulukanso liti, kenako n'kuona ngati zikugwirizana ndi zimene zili mu DNA ya lero. Ukapanda kutero, umanena kuti mlimi anasankha pamene panangochitika mwangozi.

Chimanga cha kumapiri chinakana kulowa mu mbiri yoyambayo, kufikira titalola kuti mungu wa teosinte wa kumapiri, wotchedwa mexicana, unkalowa m'minda. Zikugwirizana ndi kafukufuku wa mu 2023 mu magazini ya Science, wosonyeza kuti chimanga cha lero chili ndi magazi a mexicana.

Lachinayi linandisangalatsa kwambiri. Titachotsa zimene mbiriyo ikufotokoza, majini awiri anaonekerabe poyera: tb1, amene anachepetsa nthambi mpaka phesi likhale limodzi, ndi tga1, amene anavula njere chigoba chake. Pa desiki panga pali kabotolo ka njere za teosinte. Ndi zolimba ngati timiyala, ngala yake imakhala ndi njere 5 mpaka 12, ndipo zikakhwima zimayoyoka zokha. Anthu amene anaona chakudya mwa zimenezi ndimawapatsa ulemu.

Zaka zimene kompyuta imapereka sindizilandira zokha, chifukwa zimadalira liwiro la kusintha kwa majini limene tailowetsera. Ndimaziika pambali pa zofukula pansi: zitsononkho za m'phanga la Guilá Naquitz ku Oaxaca, ku Mexico komweko, za zaka pafupifupi 6,250, ndi zotsalira za chimanga za m'phanga la Xihuatoxtla, m'chigwa cha Balsas, za zaka pafupifupi 8,700.

Lachisanu pa msonkhano ndinapempha kuti tiwonjezere chimanga cha makolo cha kuno ku Africa. Chinafika m'zaka za m'ma 1500 ndi amalonda a Chipwitikizi, ndipo ndikufuna kudziwa kuti pa ulendowo mitundu ya majini inachepanso motani. Anzanga a mu labu anavomera, ndipo Lolemba ndiyamba kulemba kalata yopempha zitsanzo.