Mmene okonda tenisi anadzipezera pokumanira pa intaneti

Munthu wokonda tenisi amakhala wosungulumwa kusiyana ndi mnzake wokonda mpira wamiyendo. Wa mpira ali ndi timu yake, bwalo lake ndi tsiku lake, ndipo Bullets ikakumana ndi Wanderers sasowa wokangana naye m'minibasi kapena pa ntchito sabata yonse yotsatira. Wa tenisi amatsatira munthu mmodzi amene sabata ino ali ku Doha, sabata yamawa ali ku Dubai, ndipo katswiri wakeyo akagonja Lolemba, nkhani yathera pomwepo kufikira mpikisano wa mu mzinda wina. Masewerawa amayamba mu Januware ku Australia ndi kutha mu Novembala, koma nyuzipepala zambiri, ngakhale za ku Ulaya komwe, zimawakumbukira milungu iwiri ya Wimbledon yokha. Mpata umenewu ndi umene anthu ena anauona pa intaneti, ndipo pakati pa onse amene anayesa kuutseka, ine ndimachita chidwi kwambiri ndi pulogalamu yomvera yotchedwa The Tennis Podcast.

Kuti timvetse chifukwa chake pulogalamuyi inakula, tiyenera kuona kaye mmene tenisi imayendetsedwera. Palibe bungwe limodzi limene lili ndi mphamvu pa masewera onse. ATP imayang'anira mipikisano ya amuna, WTA ya akazi, ITF imayendetsa mipikisano ya matimu a mayiko ya Davis Cup ndi Billie Jean King Cup komanso mipikisano ing'onoing'ono, pamene mipikisano ikuluikulu inayi, Australian Open ku Melbourne, Roland Garros ku Paris, Wimbledon ku London ndi US Open ku New York, iliyonse ili ndi eni ake. Aliyense wa asanu ndi awiriwa amagulitsa yekha chilolezo choonetsera masewera ake. Zotsatira zake n'zakuti munthu amene walipira Tennis TV pa intaneti amaona masewera a ATP okha, osaona Wimbledon kapena mipikisano ya WTA, ndipo kuti aone zonse ayenera kulipira m'malo angapo. Nawonso mndandanda wa akatswiri ndi wovuta kwa wongodutsa. Wopambana pa mpikisano waukulu amapeza mapointi 2,000, koma mapointiwo amafufutika pakatha masabata 52, motero wosewera akhoza kufika mu ndime yomaliza chaka chino n'kutsika pa mndandanda chifukwa chaka chatha anatenga chikho pamalo omwewo. Zoterezi zimafuna munthu wozilongosola sabata ndi sabata.

David Law ndi Catherine Whitaker anayamba kujambula pulogalamu yawo mu 2012, chaka chomwe Andy Murray anapata mendulo yagolide pa Olimpiki ya ku London kenako n'kutenga US Open. Law sanali mlendo m'masewerawa, pakuti anagwirapo ntchito yofalitsa nkhani ku ATP, ankaulutsa tenisi pa wailesi ya BBC Radio 5 Live ndiponso ankayang'anira atolankhani pa mpikisano wa ku Queen's Club. Whitaker pambuyo pake anadzakhala woulutsa tenisi pa Prime Video ku Britain. Wachitatu, Matt Roberts, analowa pakati pawo ali wachinyamata wothandiza kufufuza ziwerengero, ndipo m'kupita kwa nthawi anasanduka liwu limene omvera amaliyembekezera mofanana ndi awiri aja. Zimene amachita si zachilendo ayi: anthu atatu amakhala pansi n'kumakambirana zimene aona, amatsutsana, amaseka, amalosera wopambana ndipo kawirikawiri amaphonya. Chimene chinawasiyanitsa ndi ena n'chakuti sanasiye. Amajambula sabata iliyonse ngakhale pamene kulibe mpikisano wotchuka, ndipo nthawi ya mipikisano ikuluikulu inayi amatulutsa pulogalamu tsiku lililonse, masewera a tsikulo akangotha.

Mapulogalamu a tsiku ndi tsikuwo ndi amene anandikoka ine, ndipo chifukwa chake ndi nthawi. Mu Januware mzinda wa Melbourne umakhala patsogolo pa Malawi ndi maola 9, kotero masewera oyamba amayamba ife tili m'tulo tofa nato ndipo akuluakulu amatha ife tili pa ntchito. Ku New York zinthu zimatembenuka, pakuti iwo amakhala m'mbuyo ndi maola 6, ndipo masewera a madzulo amene amayamba 7 koloko kumeneko, kuno imakhala ili 1 koloko usiku. Ndi Roland Garros yokha imene imagwirizana ndi wotchi yathu ndendende. Komanso kuonera masewera a maola anayi pa foni kumadya bandulo mosachitira chisoni, pamene mawu okha a ola limodzi munthu amawakopera madzulo n'kumamvera m'mawa popita ku ntchito. Ndikamamva atatuwa akufotokoza mmene wosewera anasinthira malo oimapo polandira sevu (mpira woyambira pointi), kapena mmene mphepo inasokonezera seti (gawo la masewera) yachitatu, ndimadziwa zambiri kuposa zimene ndikanapeza pongoona zigoli pa foni.

Nkhani ya ndalama ndi imene imaonetsa bwino kuti omvera anasanduka gulu. Kwa zaka zingapo pulogalamuyi inkapempha omvera kuti asonkhe kudzera pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, kuti atatuwa athe kupita kumene mipikisano ikuchitikira m'malo mongoonera pa kanema kunyumba. Osonkhawo ankalandira zinthu zooneka zazing'ono: dzina lawo kutchulidwa kumapeto kwa pulogalamu, mwayi wopikisana ndi oulutsawo polosera opambana, ngakhalenso galu kapena mphaka wawo kusankhidwa kukhala chizindikiro cha pulogalamu pa nthawi ya mpikisano. Za agalu ndi amphakazo ine zimandiseketsa, ndipo ndimaziona kuti ndi za ku Britain ndithu. Koma za kutchula mayina ndimazimvetsa bwino, chifukwa sizisiyana ndi mapulogalamu a moni pa wailesi zathu, pamene munthu wa ku Nsanje amamva dzina lake likutchulidwa pamodzi ndi la wa ku Karonga n'kudziwa kuti sali yekha pa wailesipo. Pambuyo pake anasiya kusonkhetsa kamodzi pa chaka n'kukhazikitsa umembala wolipira wotchedwa Friends of The Tennis Podcast, umene umapatsa mamembala mapulogalamu owonjezera. Ubwino wa njirayi, mmene ndimaonera, ndi wakuti wolipira wamkulu ndi womvera, osati bungwe loyendetsa masewera, ndipo n'chifukwa chake atatuwa amatha kulankhula momasuka pa nkhani zovuta monga kusowa kwa Peng Shuai, wosewera wa ku China, pamaso pa anthu mu Novembala 2021, kapena kuthamangitsidwa kwa Novak Djokovic m'dziko la Australia mu Januware 2022.

Chaka cha 2020 chinawayesa kwambiri. Mipikisano inaima mu Malichi chifukwa cha Covid-19, Wimbledon inalephereka koyamba chichokereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Roland Garros inasunthidwa kufika kumapeto kwa Seputembala. Pulogalamu ya nkhani za tenisi inalibe nkhani. Iwo anabwerera ku masewera akale, n'kumawaoneranso ndi kuwakambirana limodzilimodzi, ndipo omvera amene anali otsekeredwa m'nyumba anapitiriza kumvera.

Pali gulu lina limene linakula mwakachetechete m'zaka zomwezi, ndipo ntchito yake imandigometsa kuposa ya oulutsa aja. Jeff Sackmann, mwini tsamba la Tennis Abstract, anayambitsa Match Charting Project mu 2013, ntchito imene anthu odzipereka amaonera masewera n'kulemba kumenya kulikonse kwa mpira. Ali ndi zizindikiro zawo: nambala 4, 5 kapena 6 imasonyeza kumene sevu yalowera, chilembo f ndi kumenya kwa mbali ya dzanja logwira raketi, b ndi kumenya kwa mbali inayo, nyenyezi ndi mpira umene mnzako walephera kuukhudza, pamene chizindikiro cha @ ndi kuphonya kumene wosewera wadzichititsa yekha. Pointi imodzi imasanduka kamzere kakafupi ka zilembo ndi manambala, ndipo wolembayo amaimitsa kanema, kubwerera m'mbuyo, kuonanso, mpaka masewera onse atatha. Palibe amene amalipidwa. Komabe alemba masewera zikwizikwi, ndipo zonsezo zimaikidwa poyera kuti aliyense azigwiritsa ntchito, pamene mabungwe a tenisi amene ali ndi makamera ndi makina oyezera liwiro la mpira amasunga ziwerengero zawo zambiri mobisa.

Pali chimodzi chimene chimandinyinyiritsa pa kukula konseku. Magulu amenewa amalankhula Chingerezi, amalipiritsa mu ndalama za kunja, ndipo amaona masewera ndi maso a kumene anabadwira. Emma Raducanu atatenga US Open mu 2021 ali ndi zaka 18, atayambira mu ndime zachipulula n'kupambana masewera 10 osataya seti, kunali koyenera kuti oulutsa a ku Britain asangalale, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma womvera wa ku Africa amadikira kuti Ons Jabeur wa ku Tunisia afike mu ndime yomaliza ya Wimbledon, monga anachitira mu 2022 ndi 2023, kuti amve dera lake likutchulidwa kwa nthawi yotalikirapo. Chonsecho mbiri ilipo. Kevin Anderson wa ku South Africa anafika mu ndime yomaliza ya US Open mu 2017 ndi ya Wimbledon mu 2018. Byron, Wayne ndi Cara Black a ku Zimbabwe, ana a banja limodzi, onse anatengapo zikho zikuluzikulu m'masewera a awiriawiri. Angella Okutoyi wa ku Kenya anapambana pa Wimbledon ya atsikana m'masewera a awiriawiri mu 2022. Ndipo pamene Roger Federer ndi Rafael Nadal anasewera ku Cape Town mu Febuluwale 2020, anthu oposa 51,000 anadzaza bwalo, zimene zikusonyeza kuti oonera alipo.

Vuto lenileni ndi lakuti mipikisano ya ATP ndi WTA imene yakhalitsa mu Africa ili kumpoto, ku Marrakech ndi ku Rabat, ndipo wa ku Johannesburg unatha mu 2011. Atolankhani amapita kumene kuli mipikisano, choncho sitingayembekezere kuti anthu atatu a ku Britain atiuze za wosewera wachichepere wa ku Harare kapena ku Lusaka. Kuyambira mu 2024 mzinda wa Kigali wakhala ukuchititsa mipikisano ya Challenger, yomwe ili pansi pa ya ATP pang'ono, ndipo masewera a Challenger amaonetsedwa mwaulere pa intaneti. Ntchito ya Sackmann ija simafunsa kumene munthu akukhala kapena ndalama zimene ali nazo, imangofuna kanema wa masewera, kompyuta ndi kuleza mtima kwa maola angapo, motero masewera a ku Kigali akhoza kulembedwa ndi munthu wokhala ku Zomba kapena ku Chipata.